Galimoto Imene Inatula a Yotamu Kwawo

Anthu akandifunsa chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Halale ndimawauza zoona: kathumba ka masipanala ndi munthu wodwala. Ena amaseka, kuganiza kuti ndikubisa njinga ndi makina osokera. Asekeni. Anzanga amene tinanyamuka nawo pa Nkhata Bay pano anabweradi ndi zimenezo, ena ndi galamafoni yomwe, koma ine katundu wanga ankatsokomola.

Ndinachoka ndili mnyamata wa banja latsopano. Masiku amenewo mwamuna wa kunyanja kuno amene sanapiteko kunja, akazi ankamuyang'ana ngati bwato lobooka. NyaManda, mkazi wanga, anandiperekeza mpaka pa doko mwana ali kumsana, ndipo sanalire. Anangoti, "Musakachone." Ndinayankha mwamatama kuti chinangwa chimene tadzalachi ndidzakumba ndine. Chinakumbidwa, chinadzalidwanso, chinakumbidwanso kangapo, ine ndili kwa eni.

Za ulendowo sindinena zambiri. Sitima ya pamadzi, kenako ya pamtunda, kenako mapazi, ndi chitupa m'thumba chimene wapolisi aliyense ankachiwerenga atakwinya nkhope. Ku komboni tinkagona ngati usipa pa thandala, mutu wa uyu kumapazi kwa uyo. Nsikidzi za kumeneko sizinkasankha mtundu. Ntchito ndinaifuna m'makhitchini mwa azungu, poti Atonga tinkatchuka ndi kuphika ndi kusita, koma geti lililonse linali ndi Mtonga wake kale.

Tsiku lina, njala itandifika m'maondo, ndinadutsa pa galaji ina ndipo ndinamva munthu akutukwana bawuti m'Chitonga. Anali pansi pa lole, kunja kukuoneka miyendo yokha. Ndinagwada n'kupereka moni wa kwathu. Kutukwana kunaleka. Anatuluka munthu wamtali wowonda, imvi zitayamba, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zala zakumapazi.

"Kuno ine ndine Jimu," anatero. "Chimene wamvacho sunamve. Wadya?"

Ndinati ayi.

"Gwira sipanala iyi. Bwana akatuluka uzioneka ngati ukudziwa kumene ikupita."

Ndi mmene ndinalowera ntchito. Dzina lawo lenileni linali Yotamu, ndipo kwawo kunali kumapiri, kumtunda kwa boma lathu lomwe lino. Ine ndinkawaitana kuti akulu. Iwo ankanditcha mphwanga kapena chitsiru, malinga ndi mmene ndagwirira ntchito tsikulo. Mwini galaji anali mzungu wamkamwa moola amene ankatiitana tonse ndi mluzu, koma a Yotamu sankawaputa kawirikawiri, chifukwa magalimoto a dizilo onse anali m'manja mwawo.

Anzathu ankawathawa magalimoto amenewo. Oyilo wa m'injini ya dizilo ndi wakuda bii, akalowa m'khungu satuluka ngakhale utakhula ndi mchenga. Galimoto ikabwera ikudontha, ine ndinkathamangira pamene pali dontho n'kuyamba kumanga mabawuti. Chiguduli chinkanditera m'khosi.

"Oyilo ndi wabodza, mphwanga. Amagwera apa, bala lili uko. Mphepo imamukankha, iye n'kumayenda m'mbali mwa injini mpaka apeze pogwera. Ukamanga pamene wagwera, wamanga wosalakwa."

Njira yawo inali iyi. Kutsuka injini yonse ndi palafini mpaka chitsulo chioneke, kuisiya iume, kenako kuiwaza ufa. Ufa weniweni, wa phoso lathu lomwe. Ukailiza pang'ono, pa ufa woyerawo pamatuluka kamzere kakuda, ndipo ukakatsata chokwera umafika pa bala. Anzathu ankati Mnyasa uyu amapereka nsembe kwa galimoto. 

Tsiku lina jeke inaterereka ine ndili pansi pa lole. Sindinamve chilichonse, ndinangozindikira ndikukokedwa miyendo pa simenti, msana ukusupuka, kenako chitsulo chinagunda pamene panali mutu wanga. A Yotamu sanandifunse ngati ndavulala. Anandimenya mbama chifukwa sindinaike chipika chotchinjiriza pansi pa lole, kenako anakakhala kuseri kwa galaji nthawi yaitali, fodya akuwakanika kuyatsa. Kuyambira pamenepo tinkadya mbale imodzi. Mwezi ukatha ankandiperekeza okha ku sitolo kukagula nsalu kapena bulangete, n'kuonetsetsa kuti ndapatsira munthu wopita kwathu. Ndikati mwezi uno ndidumphe, ankandiyang'ana moipa. "Mwezi umodzi ndi umene umayamba," ankatero.

Za kwawo sankazikonda. Ndinazitola pang'onopang'ono ngati mtedza wotayika. Anayamba ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, atasiya mkazi ndi mayi awo. Pobwerera, bokosi lawo lonse linabedwa m'sitima ya pamtunda iwo ali m'tulo. Anatsika pa Halale kuti agwire ntchito pang'ono apezenso zovala ndi mabulangete, poti Mtonga salowa m'mudzi chimanjamanja. Pang'ono pajapo panasanduka zaka. Manyazi ndi otero, ukawasunga amaswana. Anandilumbiritsa kuti ndikamatumiza mawu kwathu ndisatchule dzina lawo, ndipo munthu wochokera kumapiri kwawo akafika pa galaji, iwo ankalowa pansi pa galimoto mpaka achoke.

Chimene ankachiopa ndinachiona ndi maso anga. Mnyasa akamwalira ku komboni tinkamunyamula Lamulungu, chifukwa masiku ena mabwana sakanatilola. Manda anali kuseri kwa njanji, dothi lofiira louma, mizeremizere ngati munda wa fodya. Kumutu kwa munthu ankakhomako kachitsulo ka nambala. Tinkaimba nyimbo imodzi mothamanga, amuna okhaokha, ena ali m'maovolosi, kenako aliyense n'kumapita kukachapa zovala za Lolemba. Panalibe wolira. Tsiku lina tikuchoka kumeneko a Yotamu anaima n'kulavula.

"Ine pano ayi," anatero. "Galu ndiye amakwiriridwa chonchi. Ine ndikufuna akandilire anthu odziwa dzina langa. Wamva, mphwanga? Ngakhale undikoke ndi chingwe."

Ndinaseka, poti nthawi imeneyo anali ndi mphamvu zonyamula giyabokosi pachifuwa.

Chifuwa chinabwera mwaulemu, kutsokomola kwa m'mawa kokha. Fumbi la ku Joni linali litawadikira zaka zonsezo. Kenako anayamba kupumira pakati pomasula nati imodzi. Tsiku limene bwana anaona magazi pa chiguduli chawo anawauza kuti asabwerenso, ndipo anawauza ataima patali, mpango uli pamphuno. Munthu amene anamukonzera magalimoto mpaka tsitsi kuyera! Ndinakwiya kwambiri. Ndinatola masipanala amene ndinagula ndekha n'kutuluka osatsanzika. Ku chipatala cha kumeneko anatiuza poyera kuti mapapo atha, ngati ali ndi kwawo apite msanga.

Ulendo wonse wobwerera khutu langa linali pa chifuwa chawo. M'sitima ya pamadzi tinakhala pansi, pakati pa madengu ndi nkhuku, ine ndikuwatchinga mphepo ndi thupi langa. M'mawa umene mapiri a kwathu anaonekera, anandiuza kuti nditsegule sutikesi. Munali suti yakuda ndi chipewa chotuwa chaubweya, cha mlomo waukulu, chimene sanachivalepo chigulireni. Zina zonse anali atagulitsa podwala, koma izi ayi. Ndinawaveka. Suti inkalendewera ngati yobwereka, koma chipewa chinakhala bwino, ndipo anachipendeketsa pang'ono monga ankachitira anyamata a nthawi yawo.

Anatsika ndi miyendo yawo. Tinadutsa amtengatenga ndi amayi ogulitsa usipa, tinakwera kachitunda ka ku masitolo iwo atagwira phewa langa ngati tikungocheza. Pa khonde la sitolo ya mmwenye wina miyendo inakana. Tinawagoneka pa mphasa.

Ndinatchula chipatala cha pa boma. Anapukusa mutu. Ndinati ndipeze amuna awanyamule pa machira, poti lole yopita kumtunda inali itachoka, ndiponso sinkakhota njira ya kwawo.

"Machira?" anatero, mpweya ukuvuta. "Ndichoke ndi miyendo yanga, ndikalowe ngati nguluwe yophedwa? Bola ndifere pompano."

Mtonga ndi Mtonga. Angakhale akufa amafuna aone kaye ngati kolala yakhala bwino.

Mwini sitolo uja anali munthu wachikulire wofatsa. Anamva zonse ali pa kauntala, kenako ananditengera kuseri kwa nyumba. Pansi pa mtengo wa mango panali galimoto yakale ya dizilo, ya bodi kumbuyo, imene anagula kwa mzungu wina wa ku munda wa tiyi. Nkhuku zinali zitaikira mazira pa mpando. Pansi pake dothi linali lakuda ngati powotchera makala.

"Imasanza oyilo," anatero. "Dalaivala anamanga, anamanga, basi anathawa. Iwe ukakonza, tenga, kamtule mkulu wako, ubweze. Koma oyilo ndili naye ndi chitini ichi chokha mpaka sitima idzabwerenso. Akathera panjira, injini yafa."

Ndinayang'ana chitini, ndinayang'ana dothi lakuda lija. Kungothira n'kunyamuka, oyilo akanathera pa chitunda choyamba, ife n'kukhala m'tchire ndi munthu wosatha kuyenda. Panalibe kuchitira mwina. Ndinavula jekete.

Ndili pakati potsuka injini ndi palafini ndinaona mapazi a mkazi ataima pafupi ndi tayala. Ndinawadziwa. Amayi a pa doko anali atafikitsa kale mawu kumudzi kwathu ku Chikale. Ndinatuluka manja ali akuda mpaka m'zigongono, moti sindikanatha ngakhale kupereka moni wa dzanja. NyaManda anali atawonda, ndipo kumbuyo kwake kunabisala mtsikana wamtali amene ndinamusiya ali kumsana. Mwanayo ankayang'ana nkhuku, osati ine.

"Mwafika, ada," anatero NyaManda.

"Ndafika."

"Ndimayesa mwafika kwanu. Kani mwafika kwa galimoto."

Ndinamulozera kumene kunagona a Yotamu. Anapita, anagwada, anapereka moni, anayang'ana milomo yawo youma. Atabwerera mkwiyo unali usanathe, koma mawu anali atatsika.

"Mukufuna chiyani?"

"Ufa wa kondowole. Wouma bwino."

"Odwalawa sangameze kondowole. Ndiwaphikira phala."

"Phala phikani. Ufawo ndi wa injini."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuviika chinangwa ndekha, kusinja ndekha, kuti inu mudzabwere kudzadyetsa chitsulo?" Anatembenuka n'kumapita. Mtima unandipweteka, chifukwa sananame. Koma ufa anabwera nawo, ndi phala lomwe.

Ndinawaza injini yonse mpaka inayera, ndinathira oyilo wongokwanira kuiliza. Batire linali litafa kalekale. Ndinapempha amtengatenga a pa doko, ndinatenthetsa paipi yolowera mpweya ndi chiguduli choyaka, n'kulumphira pa chiwongolero iwo akukankha chotsika. Inakana, inakana, kenako inaphulitsa utsi wakuda n'kulira. Ndinaikhotetsa kumunsi n'kukwera nayo kubwerera pansi pa mango, kumene tinali titasamutsira mphasa ya a Yotamu kuti aziona.

Pa ufa panatuluka mizere iwiri. Wina unkachokera pa chivindikiro chapamwamba, pamene dalaivala uja anamanga mabawuti mpaka gasiketi yotseka mpata pansi pake kung'ambika. Wina, wonenepa, unkachokera kutsogolo, kuseri kwa pule imene imazungulitsa lamba, ndipo lambayo ankamwaza oyilo ponseponse. Ndinawauza.

"Wapamwambawo ndi wosavuta, dula katoni," anatero. "Wa kuseri kwa pule ndiye mfiti. Koma uyambe waona kapaipi kopumira. Galimoto yakhalitsa iyi."

Ndinakamasula. Mavu aja omanga ndi dothi anali atakatseka konse. Injini ikalephera kupuma imakankha oyilo paliponse pofooka, ndipo ungamange mpaka sipanala kupindika osaphula kanthu. Ndinawaonetsa dothi limene ndinatokosa ndi waya. Anayesa kuseka, kuseka kunasanduka chifuwa, ndipo NyaManda anawagwira msana mpaka chinadutsa.

"Ndiye tili awiri," anatero.

Gasiketi ndinaidula pa katoni ya sopo imene mmwenye anandipatsa. Umaika katoni pa chitsulo, n'kumagogoda m'mphepete ndi kahamala mpaka idulike yokha motsata chitsulocho, ndi mabowo a mabawuti omwe. Ndinaipaka girizi n'kumanga mofatsa, bawuti la uku, bawuti la uko. Pofika pamenepo dzuwa linali litapita. NyaManda anabwerera ku Chikale ndi mwana, ine ndinatsala pa khonde ndi odwala, ndipo ndi mmene ndinagonera tsiku langa loyamba kwathu.

M'mawa mwake anadzuka atafooka kuposa dzulo. Phala anangolawa. Ndinachotsa rediyeta, ndinachotsa lamba, ndinamenya nati yaikulu ija ndi hamala mpaka inalola, pule n'kutuluka. Kuseri kwake kumakhala mphete ya feleti, nsalu yolimba yaubweya, imene imagwira oyilo kuti asatuluke pamene chitsulo chikuzungulira. Mpheteyo inali itanyenyeka ngati chigumu chouma. Ina yotere ikanapezeka ku Blantyre, ndipo ku Blantyre kunali ngati kumwamba.

Ndinayesa bulangete, linali lotayirira, oyilo akanangodutsa. Ndinayesa chikopa cha nsapato yanga, chinali chouma, chikanapsa tisanafike patali. Mmwenye anafufuza m'sitolo monse, anabweretsa zingwe za nyali, chiguduli, nsalu ya khaki. Palibe chinagwira. Ndinakhala pansi m'dothi lakuda lija, ndipo kunena zoona ndinataya mtima. Ndinayamba kuganiza za machira, kuti mwina akakomoka ndingowanyamula osawafunsa.

A Yotamu ankandiyang'ana. Kenako anakweza dzanja, anavula chipewa, anayang'ana m'kati mwake, n'kunditambasulira.

"Ayi, akulu."

"Usandichedwetse, chitsiru. Feleti ndi feleti. Dula pamwamba, mphete ziwiri, uzisanjikize."

"Nanga mukalowa bwanji m'mudzi mutu uli pamtunda?"

"Ndikalowa pa galimoto. Ndani mwa anzanga analowapo pa galimoto?"

Ndinadula. Ndadulapo zinthu zambiri m'moyo wanga, koma mpeni sunandilemerepo ngati tsiku limenelo. NyaManda, amene anali atabwera ndi phala lina, anayang'ana kumbali. Ndinalemberera ndi chivindikiro cha chitini, ndinaviika mphetezo mu oyilo wofunda mpaka zinakhuta, n'kuzilowetsa m'malo mwake ndi mpini wa hamala. Khosi la pule linali ndi kamzere kodyeka, ndinalisalaza ndi mwala wonolera mipeni. Pobwezera zonse, a Yotamu anali atatsinzina, koma khutu linali maso.

"Natiyo wamanga mopitirira. Bwezera pang'ono."

Nditamaliza ndinathira oyilo yense wotsala n'kunena kuti tiyeni. Dzuwa linali litakwera, ndipo mpweya wawo unkamveka ngati macheka.

"Ufa," anatero.

"Akulu, nthawi."

"Ufa, mphwanga. Sindifuna kukafera pa chitunda chifukwa cha ulesi wako."

Ndinatsukanso, ndinawazanso ufa, amtengatenga anakankhanso. Ndinaisiya ikulira nthawi yaitali, ine nditagwada kutsogolo kwake. Ufa unakhala woyera. Ndinalowetsa chala kuseri kwa pule, chinatuluka chouma. Mmwenye anaomba m'manja kamodzi n'kubwerera ku kauntala yake.

Tinawakweza pa mpando wakutsogolo, tinawatchinjiriza ndi bulangete kuti asagwe. NyaManda anaika kamphika ka phala kumapazi kwawo, kenako anazungulira kubwera ku windo langa.

"Kawatuleni," anatero. "Koma galimoto ikamabwerera, inunso mukhale momwemo."

Msewu unali wa miyala, wokwera mokhotakhota. Ndinaima kangapo osazimitsa injini, n'kusuzumira pansi. Panalibe dontho. A Yotamu ankatchula maina a timitsinje tikamawoloka, ndipo ena ankawaiwala, n'kukwiya okha. Panali pena pamene mutu wawo unagwera pa phewa langa ndipo ndinaganiza kuti zatha, koma galimoto itagunda mwala anatsegula maso n'kunditukwana chifukwa cha kayendetsedwe. Sindinakondwerepo ndi kutukwanidwa ngati tsiku limenelo.

Titakhota kanjira ka kwawo anadziwongola, anapukuta pakamwa, anakonza kolala.

"Liza hutala," anatero.

Ndinaliza. Ana anathamanga kuchokera kumbali zonse, akuluakulu n'kumatuluka m'nyumba ndi m'minda ya chinangwa. Galimoto inali isanafikepo pabwalo limenelo. A Yotamu anatsegula chitseko okha, anatsika, anaima atachigwira. Anapereka moni m'Chitonga, mokweza mmene akanathera, n'kutchula dzina lawo ndi la bambo awo.

Ndinkayembekezera nthungululu. Kunangoti zii. Mayi wina anaika manja kumutu n'kuthawira kuseri kwa nyumba, ena n'kumakoka ana awo. Bambo wina waimvi anayandikira pang'ono, anayang'anitsitsa, n'kubwerera m'mbuyo. Anali mng'ono wawo, amene anamusiya akuweta mbuzi.

"A Yotamu tinaika," anatero bamboyo.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Kalekale munthu wina wochokera ku Joni anafika n'kunena kuti anaona a Yotamu akukwera sitima yobwerera kwawo, ndipo pambuyo pake anaona bokosi lawo likugulitsidwa pa siteshoni ina, mwini wake osaoneka. Anadikira, mvula inagwa n'kusiya kangapo. Potsiriza anachita zimene timachita munthu akafera kutali. Anakulunga thunthu la nthochi m'mphasa yawo yakale, analiika m'manda, analira, anameta. Mkazi wawo anakwatiwa kwina, ndipo ana ake a kumeneko anali atakwatira kale.

Anthu anatulutsa mayi awo a Yotamu atawagwira dzanja. Anali nkhalamba yopindika, maso atachita ng'ala. Anawafikitsa pafupi, iwo n'kukweza manja, kupapasa chibwano, mphuno, makutu, mutu wopanda chipewa uja. Anapapasa nthawi yaitali.

"Ndine, ama," anatero a Yotamu.

"Liwu ndi la abambo ako. Unali kuti?"

"Ku ntchito, ama."

"Ku ntchito." Anatsitsa manja n'kukhala pansi pomwepo. "Manda ako ndimasesa ndine. Maso angawa anathera pamenepo."

A Yotamu anapempha kuti akaone. Ndinawagwira m'chiuno ine, mng'ono wawo n'kumatsogola patali. Manda anali pafupi ndi a bambo awo, pansi pa mtengo waukulu, osesedwa bwino, opanda udzu ngakhale umodzi. Anaima akuyang'ana, thupi lonse litatsamira pa ine.

"Malo abwino," anatero. "Pali mthunzi."

Anawayalira m'nyumba ya mng'ono wawo. Anthu ankabwera kudzapereka moni pakhomo, mwaulemu ndithu, monga amachitira ndi mlendo wa boma, koma wolowa m'kati panalibe. Sindiwanena zoipa. Munthu amene unamulira n'kumuiwala akaima pamaso pako, sudziwa pomuika. Tsiku lotsatira, dzuwa lisanafike pamutu, a Yotamu anapita, dzanja lawo lili m'dzanja langa.

Akuluakulu anakhala pansi kukambirana, ndipo sanachedwe kumvana. Manda alipo kale, afukule omwewo. Maliro analiridwa kale, ndipo kulira munthu mmodzi kawiri n'kuitana imfa ina pamudzi. Choncho kulira ayi, kumeta ayi. Mkulu wa mpingo apemphere, basi.

Zinachitika momwemo. Tinawaika ndi suti yawo. Mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule, tinaimba nyimbo imodzi, amayi atakhala chapatali ali chete, ena akuyamwitsa. Ndinayesetsa kudzigwira, poti ndinali mlendo ndipo lamulo ndinalimva. Koma dothi litayamba kugwa, ndinalephera. Ndinalira mokweza ngati mkazi, ndinawaitana dzina lawo lenileni, ndinawaitana akulu, mamina ndi misozi zili mbwee. Anthu anayang'anana. Mng'ono wawo anabwera msanga n'kundigwira phewa kuti ndileke.

"Akulirayo ndani?" anafunsa mayi awo a Yotamu, amene anawakhazika pafupi ndi manda.

"Ndi mlendo wa galimoto uja, ama."

Anapapasa m'malere mpaka anapeza mkono wanga, n'kuugwira zolimba.

"Asiyeni," anatero. "Lirani, ada, lirani ndithu. Uyu munamudziwa ndinu. Wathu ife tinaika kale."